Bwalo la gofu la pa Chipata lisadulidwe mapuloti

Ndinene mosabisa Chichewa, ine sindifuna kudzaona tsiku limene bwalo la gofu la pa Chipata lidzadulidwa mapuloti, olo atatilonjeza kuti pamangidwa mashopu okongola bwanji kapena nyumba zosanja zamagalasi okhaokha. Ndidziwa kuti ena mwayamba kale kunena kuti uyu naye wagulidwa ndi mabwana, gofu ndi masewera a anthu okhuta, ife a m'makomboni a Nabvutika, Mchini ndi Magazine zitikhudza chani. Funso limenelo ndi labwino ndipo ndiliyankha, koma tiyambe taona kaye kuti malo amene tikambawa ndi otani, chifukwa ambiri a ife timangopita pambali pake pa njinga kapena pa minibasi osadziwa kuti ndi chimodzi mwa zinthu zakale kwambiri zimene zatsala mu tauni muno.

Chaka chimene chimatchulidwa pa kuyamba kwa kalabu ya gofu kuno ndi 1902, tauni ikali kutchedwa Fort Jameson. Taganizani bwino chaka chimenecho anzanga. Lusaka kunalibe tauni, njanji inali isanafike nkomwe kumeneko, mlatho wa pa Victoria Falls unali usanamangidwe, unatha mu 1905. Kalabu ya gofu ya ku Livingstone imene anthu amaitama kuti ndi yakale inayamba mu 1908, ya ku Lusaka inabwera mu 1935 chaka chimene likulu linasamukira kumeneko, ndipo mabwalo otchuka a ku migodi monga Nchanga ku Chingola ndi Nkana ku Kitwe anabwera migodi ya kopa itatsegulidwa, pambuyo kwambiri pa ife. Mukadumpha malire mupeza kuti Royal Cape ku South Africa ndi ya 1885, Bulawayo 1895, ya ku Harare 1898, ya ku Nairobi 1906, ndipo ya anzathu apafupi ku Lilongwe ndi ya 1930. Ndiye mukandandalika mabwalo akale a kuno kumwera ndi pakati pa Africa, lathu likhala pamzere wakutsogolo pamodzi ndi a mizinda ikuluikulu, ife tili phee osadziwa.

Mwina mufunsa kuti nanga azungu anaona chani kuno kuti afulumire kulima bwalo la gofu. Nkhani yake ndi yakuti Fort Jameson inali likulu la North-Eastern Rhodesia, dziko limene linali m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes ija ya British South Africa Company, ndipo Robert Codrington ndiye anali kulamulira ali konkuno. Kunali akuluakulu a boma, asilikali, amalonda, kenaka alimi a fodya amene anadzaza mafamu ozungulira tauni, ndipo Mngelezi kapena Msikochi kulikonse kumene anakhala anali kufuna kalabu yake yoti azikumanako madzulo. Mu 1911 anaphatikiza North-Eastern ndi North-Western Rhodesia, likulu n'kupita ku Livingstone, ife n'kutsala ngati boma la kutali kumapeto a msewu. Za nthawi imene tinali likulu zatsala zochepa kwambiri, nyumba zakale zambiri zinagwa kapena kugwetsedwa, ndipo mwana wa sukulu lero ukamuuza kuti Chipata inakhalapo likulu la dziko akuyang'ana modabwa chifukwa palibe chomuonetsa. Bwalo la gofu ndi umboni umene munthu angaime pamenepo ndi mapazi ake.

Manje tifike pamene pali powawa, chifukwa sindifuna kulemba ngati aja amene amakamba za nthawi ya atsamunda ngati kuti inali nthawi ya tiyi ndi maluwa chabe. Kumayambiriro kwa 1898 asilikali a Angelezi anathira nkhondo Angoni a Mpezeni, mifuti yamakina kulimbana ndi mikondo ndi zishango, midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinatengedwa, ndipo Nsingo mwana wa Mpezeni amene anatsogolera nkhondoyo anaomberedwa pamaso pa anthu ake. Nc'wala, mwambo wa Angoni, inaleka kuvinidwa kuyambira pamenepo mpaka inadzabwerera mu 1980. Kampani ya North Charterland inatenga dziko lalikulu potengera pepala limene Carl Wiese anali kunena kuti analandira kwa Mpezeni, ndipo pambuyo pake anthu athu anakankhidwira m'ma reserve opanikizana kuti nthaka yabwino ipite kwa alimi achizungu. Werengani nokha, kuchoka 1898 kufika 1902 ndi zaka zinayi chabe. Amasiye a nkhondo ija anali akali kulira pamene ena anayamba kumenya kampira koyera pa dziko lomwelo. Amene anazula zitsa, kusalaza nthaka ndi makasu, kutchetcha udzu ndi zikwakwa, kunyamula zikwama za ndodo dzuwa lili pamutu, anali makolo athu, ndipo m'makalabu a nthawi imeneyo munthu wakuda anali kulowa ngati wantchito basi, kusewera ayi, kukhala pampando ayi.

Ndiye wina anena kuti pamenepa wadziyankha wekha, chinthu cha mbiri yoipa chonchi tichisungirenji, tichotse tiiwale. Ine ndikana, ndipo chifukwa changa choyamba ndi chosavuta. Bwalo lija likadulidwa lero silibwerera kwa zidzukulu za amene analandidwa. Tonse tidziwa mmene mapuloti a pakati pa tauni amayendera kulikonse mu Zambia muno, amapita kwa amene ali ndi ndalama m'manja tsiku lomwelo, mayi wogulitsa tomato pa Kapata sadzaona olo mita imodzi, mnyamata wa njinga amene amanyamula anthu tsiku lonse sadzaitanidwa ku msonkhano wake. Chimene chidzachitike ndi chakuti malo amene lero maso a aliyense amafikapo, mphepo yake aliyense amaipuma, adzazunguliridwa ndi mipanda ya njerwa yokhala ndi waya wamagetsi pamwamba ndi alonda pageti. Kumeneko ndi kulandidwa kachiwiri, kusiyana kwake n'kwakuti ulendo uno olanda adzakhala akuda anzathu.

Chachiwiri, thukuta limene lili mu nthaka ija ndi lathu. Mzungu analoza ndi chala kuti apa pakhale bowo, apo pakhale pomenyera, koma manja amene anagwira ntchito ndi a Angoni, Achewa, Ansenga ndi Akunda. Tikaligwetsa chifukwa chokwiyira mtsamunda, iye sizimukhudza, anapita kale, amene tifafaniza ndi agogo athu omwe dzina lawo silinalembedwe pa chikho chilichonse.

Pali nkhani ina imene sitiikamba mokwanira, ya mmene tauni yathu yakhalira. Chipata ili m'chigwa, mapiri uku ndi uku, ndipo aliyense amene wakhala kuno zaka zingapo waona mmene nyumba zakwerera m'mapiri, mitengo n'kutha, miyala n'kuphwanyidwa. Mvula ikagwa ya mu January madzi amatsika ndi liwiro, kunyamula dothi ndi zinyalala kudzaza ngalande ndi mtsinje wa Lunkhwakwa, chifukwa kumtunda kulibe chowagwira. Malo aakulu a udzu ndi mitengo pakati pa tauni amamwa madzi amenewo, ndipo mu October dzuwa likafika poti phula afewa, ndi malo omwewo amene amaziziritsako mpweya. Mu 2017 tinakondwera kuti Chipata yakwezedwa kukhala city, tinavina, koma mzinda weniweni umafunika malo opumirapo, ndipo malo otere sagulidwa pa shopu, ukawamanga konkire apita mpaka kalekale. Kugulitsa bwalo lija kuti tipeze ndalama za chaka chimodzi kuli ngati kukazinga mbewu ya chimanga mu November chifukwa ana alira njala lero. Malo omangapo mashopu ndi nyumba alipo ambiri kunjira ya ku Lundazi, ya ku Mfuwe, ya ku Chadiza, ya ku Mwami, tauni ikukula kupita kumeneko kale, vuto ndi lakuti aliyense afuna pakati pamene msewu, madzi ndi magetsi zilipo kale.

Tibwerere ku funso lija, lakuti gofu ndi ya anthu okhuta. Zoona, ndodo zake ndi zodula, timipira take timataika m'tchire, ndalama ya umembala si ya munthu wolandira malipiro a pansi. Koma mukayang'ana mbiri ya masewerawa mu Africa muno mupeza kuti akatswiri akuda ambiri anatulukira kumbuyo kwa chikwama. Anali ma caddie, anyamata onyamulira mabwana, amene anaphunzira poyang'ana chabe, n'kumakayeserera ndi ndodo yopinda ya mtengo kapena waya bwana atapita kukamwa. Papwa Sewgolum wa ku Durban anali caddie wosapita ku sukulu, anagwira ndodo mokhotakhota mwa njira yakeyake, koma anapambana Dutch Open katatu, ndipo pamene anapambana Natal Open anamupatsira chikho panja mvula ikugwa chifukwa lamulo la tsankho silinamulole kulowa mu kalabu. Vincent Tshabalala nayenso anayambira pa u caddie ndipo anakatenga French Open mu 1976. Ku Zimbabwe kunali Lewis Chitengwa amene ali mnyamata anapambana mpikisano wa Orange Bowl ku America mu 1992, Tiger Woods ali momwemo, ndipo chaka chotsatira anakhala munthu wakuda woyamba kutenga South African Amateur.

Kwathu kuno tili ndi athu. Malemu David Phiri anasewera gofu mu timu ya yunivesite ya Oxford nthawi imene munthu wakuda pa bwalo la gofu anali chinthu chodabwitsa, pambuyo pake anadzakhala gavanala wa Bank of Zambia, ndipo KK mwini wake, pulezidenti woyamba Kenneth Kaunda, munthu amene anamenyera ufulu ndi kumangidwa ndi atsamunda, anali kuikonda gofu kufikira kukhala ndi bwalo pa State House. Iwo sanaone kuti kusewera gofu ndi kugwadira mzungu, anaona kuti chitseko chimene chinatsekedwa chiyenera kutsegulidwa. Zambia Open inayamba mu 1972 ndipo inali kukoka akatswiri a ku Ulaya, Ian Woosnam anaipambana mu 1985 asanakatenge Masters mu 1991. Ndipo mu 2006 Madalitso Muthiya anakhala mZambia woyamba kusewera mu US Open. Mwana wa ku Mchini ali ndi manja ndi maso omwewo, chimene alibe ndi bwalo lomulola kulowa ndi munthu womupatsa ndodo imodzi yakale. Gofu inabwereranso mu ma Olympics mu 2016, ndiye bwalo lokhalo la pafupi tikalitaya, tatsekera ana onse a kum'mawa kuno njira imeneyo, pakuti Lusaka ili kutali makilomita oposa 500.

Apa ndiye mawu anga apite kwa amene amasewera, madokotala, maloya, amalonda a ku Down Shops, akuluakulu a m'maofesi, ndipo ndikamba mwaulemu chifukwa ndi iwo amene ndi ndalama zawo asunga malowa mpaka lero. Akuluakulu, chaka cha 1902 chokha sichidzaliteteza bwalo limeneli. Tsiku limene wina wamphamvu adzabwere ndi mapepala ake, chimene chidzaliteteze ndi anthu wamba ambiri oimirira n'kunena kuti apa ayi, ndipo anthu saimirira kuteteza malo amene sanapondepo. Ku St Andrews ku Scotland, kumene onse amati ndiko kwawo kwa gofu, kumene mwambo wa mabowo 18 unachokera mu 1764, bwalo la Old Course ndi malo a anthu a mu tauni, ndipo pa Sande nthawi zambiri gofu siseweredwa, anthu amayendapo ndi ana ndi agalu awo, ena kukhala pa udzu kudya chakudya. Bwalo lotchuka kuposa onse pa dziko lapansi limachita zimenezo ndipo silinachepe ulemu. Nanga ife chotivuta n'chani kupatula tsiku limodzi pa sabata kuti mabanja abwere kudzayenda, masana amodzi kuti ana a masukulu a boma abwere ndi aphunzitsi awo kudzagwirako ndodo, mtengo wotsika wa achinyamata ndi ma caddie kuti azisewera m'mawa mabwana asanafike. Udzu uwonongekako pang'ono, inde, zinyalala zidzafuna wotola, koma zimenezo ndi zazing'ono poyerekeza ndi kudzuka tsiku lina n'kupeza ma beacon a malire a mapuloti atazikidwa pa fairway, njira ya udzu imene mpira umadutsa kupita ku bowo.

Za alendo ndisakunamizeni kuti gofu idzadzaza mahotela, ayi. Koma taonani mmene zilili, magalimoto a alendo ochokera ku Lilongwe kudzera pa Mwami ndi ochokera ku Lusaka amafika pa Chipata, kuthira mafuta, kugula madzi ndi buledi, n'kukhotera ku Mfuwe kukaona nyama ku South Luangwa, ife n'kutsala ndi fumbi. Pakati pawo alipo osewera gofu, ndipo anthu amenewa ali ndi kamtima kena kofuna kukanena kwawo kuti ndinasewera pa bwalo lakale kwambiri la dziko lakuti. Safuna udzu wonyezimira wa pa TV, umenewo ali nawo kwawo, amafuna zakale zenizeni. Mmodzi akagona usiku umodzi owonjezera, wa lodge wadya, wa taxi wadya, caddie wapita kunyumba ndi kaunga. Mu February anthu amadzaza tauni chifukwa cha Nc'wala ku Mtenguleni, mu August ena amapita ku Kulamba ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, nthawi zimenezo mpikisano woitana makalabu a ku Lilongwe, Blantyre ndi Tete ukhoza kukhala ndi anthu popanda kuvutika kuwaitana.

Ena amadandaula za madzi, ati anthu m'makomboni alibe madzi pampopi ndiye tizithirira udzu wa mabwana. Apa ndigwirizana nawo kwathunthu, madzi akumwa asapite pa udzu. Koma mabwalo akale a kumadera ouma a Africa sanali kudalira kuthirira. Pamalo pa ma green, udzu wosalala wozungulira bowo, anali ndi ma brown, bwalo lozungulira la mchenga wosakaniza ndi mafuta, munthu asanagubuduze mpira anali kusalaza kanjira ndi chitsulo chokokera, ndipo fairway inali kubiriwira ndi mvula, kuuma ndi chilimwe, wosewera n'kuphunzira kumenya pa nthaka yolimba imene mpira umathamanga ngati wapenga. Kukoma kwa bwalo lakale ndi kumeneko, linatsata mmene nthaka inalili chifukwa kunalibe makatapila osuntha mapiri, mtengo ukakhala pakati umakhala pomwepo ndipo iwe ndiye uzungulire. Sitifunika kupikisana ndi mabwalo atsopano a ku Lusaka, tifunika kutchetcha, kusamala mitengo, kukonza ngalande, ndipo ngati pali pothirira pakhale pang'ono chabe ndi madzi a chitsime kapena osungidwa a mvula.

Lamulo lilipo lotithandiza. Lamulo limene linakhazikitsa National Heritage Conservation Commission mu 1989 limawerengera zomangidwa chisanafike chaka cha 1924 ngati chuma cha makedzana, ndipo bungwe limenelo lili ndi mphamvu yopempha kuti malo alengezedwe kukhala chikumbutso cha dziko. Anthu a kalabu, khonsolo, a kwa Mpezeni ndi aphungu athu akhale pansi aone ngati bwalo lingalowe pansi pa chitetezo chimenecho, malire ake apimidwe bwinobwino, mapu ake aikidwe poyera kuti aliyense adziwe pamene bwalo liyambira ndi pamene lithera, chifukwa malo otere nthawi zambiri samatengedwa tsiku limodzi, amadyedwa m'mbali pang'onopang'ono, lero kakona aka, chaka chamawa kamzere ako. Ndipo pageti paikidwe chikwangwani cholembedwa m'Chinyanja ndi m'Chingelezi chonena mbiri yonse, 1902 ikhalepo, Codrington akhalepo, koma 1898 ndi dzina la Nsingo zikhale pamwamba pake, ndi mawu onena za anthu amene analima bwalolo ndi makasu. Mlendo awerenge zonse, mwana wa sukulu awerenge zonse.

Chinthu chimodzi sichingadikire misonkhano. Amdala amene ananyamula zikwama pa bwalo lija ufulu usanabwere mu 1964, amene anali anyamata a zaka 12 kapena 15 nthawi imeneyo, lero adutsa zaka 70, ena ali m'ma 80, ndipo amene akali moyo ali m'makomboni ndi m'midzi yozungulira konkuno. Iwo ndiye adziwa kuti bowo lililonse linali pati, anali kulipidwa zingati pa round, anali kudyera kuti, munthu wakuda woyamba kuloledwa kusewera anali ndani ndipo tsiku limenelo kunachitika zotani. Zimenezi simudzazipeza m'mabuku a kalabu chifukwa olemba mabuku amenewo sanali kufunsa caddie. Mawailesi athu a kuno ali ndi mapulogalamu a mbiri ndi miyambo, achinyamata ali ndi mafoni ojambula mawu ndi zithunzi, aphunzitsi a history ku masekondale amafuna ma project a ana chaka ndi chaka, ndiye pasapite chilimwe china, apite akawafunse amdalawo, awajambule, ndipo zojambulazo zisungidwe ku kalabu ndi ku laibulale kumene aliyense angakazimvere.